Nsanza za pa Matumba

Ana anga, mukafunsa chifukwa chimene ndinasiyira ntchito ndidakali ndi mphamvu, amayi anu amakuuzani kuti unali msana. Amatero pondisungira ulemu, koma msana wanga sunandivutepo, ndipo mpaka lero ndimapalasa njinga kupita ku Mlolo n'kubwerako tsiku lomwelo. Ndaganiza zolemba nkhaniyi ndekha maso asanachite chidima, chifukwa ndikadzapita mudzaimva kwa anthu ena, ndipo aliyense adzathiramo mchere wake. Za ubwana wanga ndizisiya, munalibe chachilendo: mbuzi, mphere ndi sukulu ya mishoni. Ndiyambira pamene ndinagwira sikelo koyamba.

Zaka za m'ma 1980, ku Zingalume

Ntchito yanga yoyamba inali ya ukalaliki pa depoti ya bungwe la alimi ku Zingalume. Dzina lakuti depoti lisakunamizeni. Panali shedi ya malata yodontha mbali imodzi, sikelo yopachika pa nthambi ya mtengo, ndi tebulo logwedera limene tinkaliikira mwala. Bwana wanga anali a Zimba, munthu wa ku Lundazi, wamfupi, wokonda fodya wa m'mphuno ndiponso wosakonda kuyankhula m'mawa. Tsiku loyamba sanandifunse za sitifiketi. Anapisa dzanja m'thumba la mlimi wina, kundipatsa njere imodzi ya chimanga n'kunena kuti, "Luma." Nditaluma anafunsa, "Yalira kapena sinalire?" Ndinati sinalire. Iwo anati, "Ndiye n'chachiwisi, mwini wake akachiyanikenso. Maphunziro wamaliza, Mbewe, kakhale pa tebulo."

Chimene ndimakumbukira kwambiri pa zaka zimenezo ndi kusowa kwa zinthu. Kukakhala masaka kunalibe ulusi wosokera, ulusi ukafika masaka atha. Matenti ofundikira chimanga ankabwera mvula yoyamba itagwa kale. Alimi ankafika ndi ngolo, ena pa njinga, ena chosenza, n'kupeza mzere wautali, motero ankasiya matumba awo pabwalo n'kubwerera kumudzi kukadikira tsiku lawo loyezetsa. Tsono matumba amafanana, ndipo ambiri sankadziwa kulemba dzina. Azimayi ndiwo anapeza nzeru. Posoka kukamwa kwa thumba ankasokerera kansanza kong'ambidwa ku chitenje chakale cha pakhomo pawo, kuti kazilendewera pa khutu la thumbalo. Banja lililonse linali ndi nsanza yake, ndipo mudzi wonse unkaidziwa, popeza chitenjecho anali atachiona m'chiuno mwa mwini wake zaka ndi zaka, kuchitsime, kumaliro ndi kutchalitchi. Panalibe mlandu wa thumba losokonekera umene unafika kwa a Zimba osatha pomwepo.

Malole amene ankayenera kutenga chimangacho kupita nacho ku Chipata ankabwera mwa apo ndi apo. Mvula ikangoyamba msewu unkasanduka phala, ndipo chimene chatsala chatsala. Ife tinkadandaula, a Zimba ankatukwana m'Chitumbuka kuti ife tisamve zonse. Koma ikafika Januwale, nkhokwe za m'midzi zitayamba kuonetsa pansi, chilolezo chogulitsa chinkabwera, ndipo anthu omwe aja ankabweranso kudzagula. Mayi ankalowa m'shedi n'kumazungulira mulu, kenako n'kuloza kuti, "Langa ndi ilo, la nsanza yachikasu." A Zimba ankalamula kuti alitulutse ngakhale likhale pansi penipeni. Tsiku lina thukuta lili kamukamu ndinawafunsa chifukwa chake tinkadzizunza chotero, poti chimanga n'chimanga. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Iwe sunaonepo mayi ako akukonola? Mayiyu akudziwa kuti chake n'cha makolo, cholimba, sichifumbutuka mu mtondo. Ndiponso munthu akatenga chake sachita manyazi kuti wagula chakudya." Umo ndi mmene anthu a kwathu anayambira kuona shedi ngati nkhokwe yaikulu ya onse, yoikamo m'Juni n'kudzatapamo m'Januwale. Palibe lamulo linanenapo zimenezi, ndipo palibe anawaphunzitsa. Zinayamba chifukwa malole sankabwera.

Zaka za m'ma 1990, ku Mlolo

A Zimba atapuma ntchito, ine ananditumiza ku depoti ya ku Mlolo, kwathu kwenikweni. Apa ndiyenera kunena za azakhali anu a Nambewe. Inu mwawadziwa ali nkhalamba yosaseka, koma kale anali munthu wanthabwala moti azimayi ankalimbirana kukhala nawo pafupi potong'ola chimanga. Ndiwo anandilera amayi athu atamwalira, ndipo popeza mwamuna ndinali ndekha m'mimba mwathu, mbumba yonse, iwo ndi ana awo ndi adzukulu, inali m'manja mwanga. Mwana akadwala kapena mlandu ukagwa, uthenga unkabwera kwa ine. Amuna awo, alamu anga a Tembo, anali mkamwini wofatsa, mlimi wa manja olimba amene ankayamba kuseka asanamalize nthabwala yake. Atangokwatirana anawagulira akazi awo chitenje chofiira chamadontho oyera. Chitatha, a Nambewe sanachitaye. Chaka ndi chaka ankang'ambako tizidutswa ta pa matumba, mosamala kuti chikhalitse, ndipo Mlolo yense ankadziwa kuti chofiira chamadontho n'cha kwa a Tembo.

Pa depoti imeneyo sindinakhalitse. Wailesi inayamba kunena kuti msika wamasulidwa, aliyense agule ndi kugulitsa kumene akufuna. Mawuwo anamveka okoma, nanenso ndinawakonda. Koma malipiro athu anayamba kuchedwa, kenako anadzatenga sikelo, kenako malata a shedi anayamba kusowa limodzilimodzi. Palibe anatiuza kuti ntchito yatha, tinangoona kuti palibenso akutifunsa. M'malo mwathu munabwera mavenda, anyamata a njinga ogula chimanga chisanaume, oyezera pa meda, kachitini kamene ankakamenya pansi ndi mwala kuti kakule mimba. Ine ndinabwerera ku khasu, ndipo ndinapeza kuti manja a kalaliki amatuluka matuza msanga. Zaka zimenezo zinali zowawa, inu akuluakulu mukukumbukira kupita kusukulu opanda nsapato.

Tsiku lina galimoto yoyera inaima pansi pa mtengo wa mango pakhomo pathu. Anatsikamo a Daka, wamalonda wa ku Chipata amene anali ndi malole ake ndi masitolo. Sanazungulire. Anati, "A Mbewe, ndachita lendi shedi yaikulu pa boma, ndikufuna munthu wogwira kiyi ndi sikelo." Ndinawauza kuti makalaliki achinyamata ali mbwee ku Chipata konko. Iwo anati, "Achinyamata ali ndi masitifiketi, inu muli ndi nkhope. Anthu akamva kuti pa sikelo pali a Mbewe adzabweretsa okha chimanga, mavenda adzatsala akuyasamula." Ananena poyera chimene ankagula kwa ine, sanabise ngakhale pang'ono, ndipo ine ndinachimva ngati ulemu. Ndinavomera tiyi asanazizire.

Zaka za m'ma 2000, pa boma la Chadiza

A Daka sanali munthu woipa, ndipo sindikufuna kuti muwerenge izi n'kumawada. Sikelo yawo inali yoona, ndipo mlimi ankalandira zake tsiku lomwelo. Anali woumira basi. Sankafuna kugula masaka atsopano okhuthuliramo, choncho matumba ankalowa m'shedi monga anabwerera, nsanza zili lendelende. Zaka zoyambirira chimanga china chinkatsala, ndipo m'Januwale ankalola kuti tigulitse. Mtengo unkakhala wokwera ndithu, anthu ankang'ung'udza, koma mayi ankalowabe n'kuloza lake. Kwa anthu a kumudzi palibe chinasintha, kupatula kuti shedi inasamukira pa boma.

Chinasintha chinali mtengo. Kale unkalengezedwa kamodzi, aliyense n'kuudziwa chaka chonse. Tsopano unkabwera m'mawa uliwonse pa foni, lero wakwera, mawa watsika, ndipo ine ndinkaima pamaso pa mlimi amene wayenda ndi ngolo kuchokera ku Zingalume n'kumuuza kuti wa dzulo uja wapita. Ankandifunsa kuti chachitika n'chiyani usiku umodzi, chimanga chake chikadali chomwecho. Tsiku lina a Daka atabwera kudzayendera, ndinawafunsa funso lomwelo. Tinakhala pa matumba, iwo akusenda nzimbe. Anati, "Mukuganiza kuti mtengo ndimaupanga ine? Ine amandiuza a ku Lusaka. A ku Lusakawo amauzidwa ndi eni kampani, ndipo eni kampani ali kutsidya kwa nyanja, m'mizinda yoti simumera ngakhale phesi limodzi. Sanasenzepo thumba amenewo, nankafumbwe sakumudziwa. Amagula chimanga chisanabzalidwe, n'kuchigulitsa chisanakololedwe. Mvula ikakana kudziko lina iwo amadziwa ife tisanaone mtambo. Nkhondo ikabuka kutali amadziwa kale kuti feteleza akwera liti." Ndinafunsa ngati maboma sangawaletse. Anaseka mpaka nzimbe inawatsamwa. "Boma likasowa mafuta kapena feteleza, mukuganiza kuti limakagogoda pakhomo pa yani? Ndiye mawa likawakalipire bwanji?"

Ndinaganiza kuti akungodzikweza, monga amachitira anthu a m'tauni akafika kumudzi. Koma ndinkaona ndekha kuti nthawi ya masankho malole athu ankasiya chimanga n'kumanyamula anthu kupita kumisonkhano, lero a chipani ichi, mawa a chipani icho, mafuta ake a kampani. Nditadabwa, a Daka anati, "Sindikudziwa adzapambane ndani, koma aliyense wa iwo adzakhala ndi cholembera chosainira zilolezo m'manja." Ine ndinali munthu wa sikelo, za ndale ndinkazisiyira eni ake, ndipo sindinafunsenso.

Chaka cha mtengo wabwino

Anthu a ku Mlolo amachitcha choncho chaka chimenecho, ndipo akachitchula amayang'ana pansi. Kwathu tinakolola mwapakatikati, koma kumayiko ena oyandikana nafe mvula inakana. Ife sitinadziwe, foni ya a Daka ndiyo inadziwa. Mtengo unayamba kukwera chimanga chikadali m'mikukwe, ndipo sunatsikenso. Ngolo zinkafola kuchokera pa geti ya shedi mpaka kufupi ndi msika. Anthu anagula malata, njinga, mawailesi, ena analipirira ana sukulu chaka chonse, ndipo ndani angawanene? Koma ine mtima sunakhale m'malo, chifukwa malamulo anasintha. A Daka, munthu woumira uja, anati ndigule chilichonse, ngakhale chosalira pa dzino. Ndipo sanatumize lole ngakhale imodzi. Mulu unakwera mpaka kugunda denga, tinathira mankhwala n'kutseka.

Tisanatseke shediyo, Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi ndinapalasa kupita ku Mlolo. Ndinapeza alamu akukonza ngolo, matumba ali ndandanda pakhonde, nkhokwe ili pululu ndipo mbali imodzi itapendama osaichirikiza. Ndinafunsa, "Alamu, mwasiyako chakudya?" Anayamba kuseka monga mwa nthawi zonse. "Chofika Khirisimasi chilipo. Chinachi tikukasungitsa kwa inu." Ndinati, "Simukusungitsa, mukugulitsa. Shedi ija si yanga, ndiponso si ya bungwe monga kale. Chaka chino pali china chake." A Nambewe anali chikhalire pa mphasa, akusokerera kansanza kofiira pa thumba lomaliza. Analuma ulusi n'kunena kuti, "Iwe Laimoni, kiyi amasunga ndani?" Ndinati ine. "Nanga ukutiopseza chiyani? M'nkhokwe umu anankafumbwe adya theka, mbava zitenga theka. Kwa iwe kuli mankhwala, kuli mlonda. Januwale ndidzabwera ndi ndalama yomweyi, udzanditulutsira langa. Kapena wayamba kunyada poti ukugona pa boma?"

Ndinanena kachiwiri, ndinanena kachitatu, mpaka alamu anandibweretsera thobwa kuti ndikhale chete. Sabata yotsatira ndinapempha mpata pa zolengeza za kumpingo, ndipo ndinauza anthu kuti asunge chakudya m'nkhokwe zawo. Akulu a mpingo anagwedeza mitu kuvomereza, koma Lolemba lake ngolo zawo zinali pamzere. Anthuwo sankakhulupirira a Daka, ankakhulupirira ine, ndipo ankandikhulupirira kwambiri moti chenjezo langa lomwe ankalitenga ngati kudzichepetsa. Matumba a alamu ndinawayeza ndekha, n'kuwaika pamwamba pafupi ndi khomo kuti asadzavute kutsitsa.

Januwale wotsatira

Mvula inachedwa, ndipo itabwera inadukiza. Maungu ndi chimanga chachiwisi, zimene zimapulumutsa anthu nthawi ngati imeneyo, zinali kutali. Pamsika meda ya chimanga inakwera, kenako chimangacho chinasoweratu. Anthu anayamba kuphika mango osakhwima ndi kufunafuna gaga kuzigayo. Chimene tinali nacho m'nyumba tinagawana ndi a ku Mlolo, ndipo amayi anu sananyinyirike ngakhale kamodzi, koma mbumba inali yaikulu ndipo thumba lathu lomaliza linatha. Kenako wailesi inalengeza kuti chimanga chisatulukenso m'dziko. Anthu anaomba m'manja. Ankadutsa pa shedi, kusuzumira pa mpata wa chitseko, kuona mulu uli phiri, n'kubwerera kwawo mtima uli pansi.

Ine ndinkaimbira a Daka tsiku lililonse kupempha chilolezo chogulitsa, iwo n'kumati dikirani. Tsiku lina anandiuza zoona. Anati, "A Mbewe, chimanga chimenecho si changanso. Chinagulitsidwa kalekale musanamalize kuyeza, ine ndikungosunga. Malole abwera Lachisanu." Ndinati nanga malire si atsekedwa? Iwo anati, "Atsekedwa kwa a njinga. Malolewa ali ndi mapepala onse." Ndinapempha mzere umodzi wokha wa matumba, anakana. Ndinapempha thumba limodzi la mlongo wanga, ndilipire mtengo uliwonse umene angatchule. Anati, "Mukatulutsa limodzi, mawa pabwera Chadiza yense. Ndipo ine ndikapereka chopelewera, a ku Lusaka andilanda malole ndi masitolo. Nanenso ndili ndi ana, a Mbewe." Apa m'pamene ndinadziwira kuti zija ananena pa matumba akusenda nzimbe sikunali kudzikweza.

Nkhani siibisika pa boma. Lachisanu m'mawa, kukuwaza kamvula, ndinapeza anthu atadzaza kunja kwa mpanda. Panali azimayi ndalama atamanga pakona ya chitenje, azibambo ndi njinga zomangidwa kale zingwe zonyamulira, nkhalamba zina zochokera ku Zingalume zimene zinandidziwa ndili mnyamata wa a Zimba. Panalibe phokoso, anabwera kudzagula, osati kudzaba. Mbali ina kunali malole aataliatali, ndi kapitawo wa kampani ya ku Lusaka, ndi alonda ake ogwira zibonga. A Nambewe anali kutsogolo penipeni, atagwira waya wa mpanda, atatha thupi moti chitenje anachizunguliza kawiri. Atandiona anati, "Laimoni, tsegula ndione langa."

Kiyi anali m'thumba la buluku langa. Ndikanatha kutsegulira anthu, ndipo ndinalakalaka kutero. Koma ndinaona zibonga zija, ndinaona nkhalamba zimene zikanaponderezedwa pakhomo, ndipo ndinadziwa kuti pofika masana ine ndikanakhala m'manja mwa lamulo, anthu akanalandidwa matumba m'njira. Ndikanathanso kutsegulira malole, monga ntchito inkafunira. Iwe Esinati unali kukoleji ya uphunzitsi nthawi imeneyo, ndipo ang'ono ako onse anali pasukulu, ntchitoyo ndiyo inkakusungani. Ndinaima pakati pa geti ndi chitseko, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinaopa. Kenako ndinakakhala pa sikelo, kutulutsa foni, n'kuimbira a Daka onse akumva. Ndinati, "Bwana, kiyi ndili naye, koma sinditsegula." Anafunsa, "Mukudziwa chimene mukuchita?" Ndinati, "Ndikudziwa, ndipo ndikudziwa kuti sichithandiza." Iwo anati, "Ndiye mukuchitiranji?" Ndinati, "Anthuwa anabweretsa matumbawa kwa ine. Wina awakweze m'malole, ine ayi." Anapuma mozama n'kunena kuti, "Musabwerenso Lolemba, a Mbewe."

Ndinkayembekeza kuti kapitawo uja andikalipira kapena kundilanda kiyi. Sanandiyang'ane n'komwe. Anapita ku lole, kubwera ndi sowo yodulira zitsulo, ndipo loko uja, amene Mlolo yense anagulitsira chakudya chake pomukhulupirira, anagwa pansi munthu asanamalize kuyasamula. Zaka zonsezo ndinkayenda ndi kiyi ameneyo ngati ndine munthu wofunika.

Onyamula matumba anali anyamata ndi azibambo a pa boma pomwepo, anjala ngati ena onse, olembedwa ganyu m'mawa womwewo. Kapitawo ataona nsanza anakwinya nkhope. Anati ogula safuna zinyalala, matumba azifanana, ndipo anaimika munthu pakhomo ndi mpeni kuti thumba lililonse likamatuluka azidulako. Motero anthu kunja kwa mpanda ankaona thumba lawo likutuluka pa msana wa munthu, n'kulizindikira, kenako mpeni n'kudutsa, thumbalo n'kukhala la wina aliyense. Matumba a alamu anali oyamba, popeza ndinawaika pafupi ndi khomo. A Nambewe anakuwa kuti, "Ilo! Langa ilo!" Wolinyamulayo anali mdzukulu wa mnzawo wa kumpingo, ndipo anangoweramitsa mutu n'kupitirira. Kansanza kofiira kanagwera m'matope.

Pofika madzulo shedi inali pululu. Malole atapita, alonda analola azimayi kulowa kuti atole njere zotayikira pansi. Anatola njerezo imodziimodzi, koma ndinaona kuti ankatolanso nsanza, aliyense kufunafuna zake pa mulu wa pakhomo. A Nambewe anasonkhanitsa zawo, kuzipukuta matope, n'kuzimanga pakona pomwe panali ndalama yosagula kanthu ija. Podutsa pa sikelo, pamene ndinali chikhalire, sanaime. Anangoti, "Mwatisungira, a Mbewe." Chibadwire changa anali asananditchulepo choncho.

Pambuyo pake anthu ankati ndinasunga kiyi m'thumba iwo akufa ndi njala. Amalonda a ku Chipata ankati ndine munthu wovuta, wosati n'kumulemba ntchito. Onse ankanena zoona. Sabata yotsatira alamu a Tembo anamva kuti kutsidya, ku Mozambique, kuli ganyu wolipira chimanga. Anamangirira khasu pa njinga, ndipo potsanzika anayamba kuseka asanamalize, nati kwa akazi awo, "Ndikabwera ndi thumba lopanda nsanza, mudzalilandira?" Kumeneko anadwala m'mimba, thupi linali litafooka kale, ndipo anaikidwa ndi anthu achilendo. Mnzawo amene anapita naye ndiye anabweza njinga, itamangidwa thumba losadzaza. Tinakhala maliro opanda mtembo. Azimayi amene mwa mwambo amabwera ndi mbale za ufa anabwera chimanjamanja, akubisa manja m'zitenje, ndipo chimene chinadyetsa olira chinali thumba la alamu lomwelo. Monga mwini mbumba ndinayenera kuyankhula. Ndinaimirira, kuthokoza anthu pobwera, n'kukhala pansi.

Zaka zino

A Daka nawonso anadzawalanda malole patapita zaka, pa nkhani ina ya soya, ndipo ndimamva kuti anatsala ndi kasitolo kamodzi. Shedi ija ilipobe, ili ndi kampani ina ndi loko wina. Achinyamata a masiku ano amaona mtengo pa mafoni awo n'kumadziona ochenjera, koma mtengowo ukuchokerabe kwa anthu omwe aja. Ndinawagwirira ntchito zaka zambiri osaona nkhope ya mmodzi, ndipo sindikukhulupirira kuti akudziwa zoti kuli malo otchedwa Chadiza. Chimandiwawa n'chimenecho, kuti ndili ndi mkwiyo wopanda munthu woukhuthulira. A Daka ankaopa, kapitawo anatumidwa, wodula nsanza anali ndi njala. Inu ana anga, mukalima, yambani mwadzaza nkhokwe ya pakhomo, ndipo musasungitse chakudya kwa munthu chifukwa choti mumamudziwa, ngakhale atakhala ine.

Chaka chilichonse ndimapita ku Mlolo kukaluka nkhokwe ya azakhali anu. Amandilandira, amandipatsa madzi, timakamba za mvula ndi za mbuzi, koma nthabwala zawo sindinazimvenso. Masika apitawa ndinawapeza akuthandiza mdzukulu wawo kusoka matumba a soya oti apite ku boma. Maso awo ndi ofooka tsopano, koma singano amaigwirabe bwino. Chotsala cha chitenje chofiira chija ndinkachiona chitapachikidwa pamsomali m'kati mwa khomo, ndipo nditaona kuti akumaliza thumba osasokerera kanthu, ndinati, "A Nambewe, mwaiwala nsanza." Sanatukule mutu. Anati, "Ndiikirenji? Kodi libwerako?" Analuma ulusi n'kukoka thumba lina.